Khansa ya kumaliseche kwa mahatchi: katemera abwere msanga, opaleshoni isachedwe

Kuyambira pamene zinadziwika kuti khansa yambiri ya pakhungu la kumaliseche kwa mahatchi imayendera limodzi ndi kachilombo, madokotala a ziweto, ofufuza ndi eni mahatchi akhala akutsutsana pa funso limodzi: kodi chitetezo cha m'thupi la hatchi tingachidalire mpaka pati pa nthendayi? Pali ena amene akunena kuti, popeza gwero lake ndi kachilombo, thupi lingathe kuigonjetsa lokha likangolimbikitsidwa, choncho kudula mbali ya chiwalo ndi nkhanza yachikale yoyenera kusiyidwa. Pali enanso amene akuti kachilomboko kamangopezekapo chabe, ndipo kulankhula za katemera n'kutaya ndalama. Maganizo anga ndi akuti chitetezo cha m'thupi chili ndi mphamvu yaikulu kachilomboka kasanakhazikike m'khungu, koma chimakhala chitafooketsedwa kale pamene chotupa chikuoneka ndi maso. Pa chifukwa chimenechi, khama ndi ndalama ziyenera kupita ku katemera woteteza mahatchi akadali aang'ono, ndipo hatchi imene yayamba kale chotupa iyenera kulandira chithandizo cha dokotala msanga, ngakhale chithandizocho chikhale mpeni, osadikira kuti thupi lichite zimene lalephera kuchita kwa zaka zambiri.

Khansa imene tikunenayi madokotala amaitcha squamous cell carcinoma, ndipo imayambira m'maselo a pamwamba pa khungu. Ndiyo khansa imene imapezeka kwambiri pa chida cha hatchi yamphongo ndi pa khungu lophimba chidacho, ndipo imagwiranso kumaliseche kwa hatchi yaikazi, ngakhale kuti kumeneko sichitika kawirikawiri. Imakonda mahatchi okalamba, makamaka amphongo ofulidwa. Siyamba ngati chilonda chachikulu ayi. Poyamba pamaoneka kachigamba koyera kokhuthala, kapena tinjerewere, ndipo pakapita nthawi malowo amasanduka chotupa chotuluka magazi kapena chonunkha, chimene chingathe kufalikira ku anabere a m'mphechepeche. Kwa zaka zambiri mlandu unkaikidwa pa litsiro lamafuta limene limaunjikana mkati mwa khungu lophimba chida, lomwe madokotala amati smegma. Zinthu zinasintha mu 2010, pamene wofufuza Tim Scase ndi anzake, pamodzi ndi ofufuza a ku Vienna ku Austria, anafalitsa zimene anapeza zosonyeza kuti m'zotupa zambiri zotere muli kachilombo kotchedwa EcPV2, ka mtundu wa papilloma, womwe ndi banja la tizilombo toyambitsa njerewere. Kachilomboka ndi ka banja limodzi ndi HPV, kamene kamayambitsa khansa ya khomo la chiberekero mwa anthu.

Kuti timvetse chifukwa chimene ndikunenera kuti chitetezo chimapambana poyamba n'kulephera pambuyo pake, tiyenera kuona mmene tizilombo ta banja limeneli timakhalira m'thupi. Timalowera pa timabala ting'onoting'ono ta pakhungu n'kukafika ku maselo a pansi penipeni pa khungulo, amene ntchito yawo ndi kugawikana kuti khungu latsopano lizilowa m'malo mwa lakale. M'menemo kachilombo kamakhala phee, kakupanga mapuloteni ochepa kwambiri, ndipo tizilombo tatsopano timangopangidwa m'maselo amene afika pamwamba, omwe ali pafupi kuyoyoka kale. Sikalowa m'magazi monga mmene tizilombo tina timachitira, sikaphulitsa selo, ndipo sikabweretsa malungo kapena kutupa koti n'kudzutsa asilikali a m'thupi. Chitetezo cha m'thupi chimachita changu pamene pali chizindikiro choti china chake chawonongeka, tsono kachilombo kosawononga kanthu poyamba kamakhala ndi mwayi wokhalitsa. Kuwonjezera apo, tizilombo ta papilloma toyambitsa khansa tili ndi majini awiri, E6 ndi E7, amene mapuloteni ake amasokoneza njira zimene selo limadziletsera kugawikana mopanda malire. Pa HPV zinafufuzidwa bwino kuti E6 imawononga puloteni yotchedwa p53, imene ntchito yake ndi kuimitsa kapena kupha selo limene majini ake awonongeka. Selo likataya mlonda ameneyu, zolakwika zimaunjikana pang'onopang'ono kwa zaka, mpaka litasanduka la khansa.

Izi sizikutanthauza kuti thupi limagonja nthawi zonse, ndipo aliyense amene waweta mahatchi aang'ono akudziwa zimenezi. Ana a mahatchi amatuluka njerewere pamlomo ndi pamphuno, zoyambitsidwa ndi kachilombo kena ka banja lomweli, EcPV1, ndipo pakapita miyezi ingapo njerewerezo zimayoyoka zokha popanda mankhwala alionse. Chimene chimachitika ndi chakuti maselo a chitetezo otchedwa T amazindikira maselo ogwidwa ndi kachilombo n'kuwapha, ndipo hatchiyo kawirikawiri siidwalanso njerewere zomwezo. Momwemonso anthu ambiri amene amatenga HPV amathana nako m'chaka chimodzi kapena ziwiri osadziwa n'komwe. Khansa imabwera mwa ochepa amene thupi lawo linalephera kuchotsa kachilomboko, kapena linangokaphimba kwa kanthawi, kenako n'kufooka ndi ukalamba. Mfundo imeneyi ndi yofunika kwambiri pa mkangano wonsewu: hatchi imene yafika pokhala ndi chotupa ili m'gulu la mahatchi amene chitetezo chawo chinaphonya kale kachilomboko, ndipo n'zosamveka kuyembekezera kuti chitetezo chomwecho, pa msinkhu wa zaka 18 kapena 20, chidzachita chokha chimene chinakanika pamene hatchiyo inali ndi mphamvu zake zonse.

Ndiyambe ndi amene akukayikira kuti kachilomboka ndi gwero la nthendayi, chifukwa mfundo yawo ikakhala yoona, zonse zimene ndikunena za katemera zigwa. Iwo akuti EcPV2 amapezekanso pa maliseche a mahatchi ena athanzi, komanso kuti pali zotupa zina zimene ofufuza sanapezemo kachilombo konse. Akutinso kupeza chinthu pamalo a ngozi sikutanthauza kuti ndicho chachititsa ngoziyo. Zonsezi n'zoona, ndipo kukayikira kotere n'koyenera mu sayansi. Komabe, mfundo zomwezi zinkanenedwanso za HPV pamene wofufuza wa ku Germany, Harald zur Hausen, ndi anzake anapeza HPV16 mu 1983 ndi HPV18 mu 1984, ndipo lero palibe katswiri amene amatsutsa kuti mitundu iwiriyi ndiyo imayambitsa pafupifupi 70 peresenti ya khansa ya khomo la chiberekero, ngakhale kuti amayi ambiri athanzi amakhala nako kwa kanthawi. Kupezeka kwa kachilombo mwa athanzi n'kumene timayembekezera pa nthenda imene imatenga zaka kuti ikule ndiponso imene ambiri amaigonjetsa. Kupezeka kwa zotupa zopanda kachilombo nakonso sikodabwitsa, chifukwa khansa ya chida mwa anthu ili ndi njira ziwiri zomwezo: ina imadza ndi HPV, ina imadza ndi kutupa kwa nthawi yaitali popanda kachilombo.

Chimene chimandikhutiritsa kwambiri si kungopezeka kwa kachilomboko, koma malo amene kamapezeka ndi zimene kamakhala kakuchita. Ofufuza akayeza zotupazi ndi njira zoonetsa majini amene akugwira ntchito m'selo, amapeza kuti E6 ndi E7 akugwira ntchito mkati mwa maselo a khansa enieniwo, osati pamwamba pa khungu pokha pomwe fumbi ndi litsiro zingagwere. Kachilomboka kapezekanso m'zigamba ndi m'njerewere zimene zimatsogolera khansayo, ndiponso m'anabere amene khansa yafalikirako, kutali ndi khungu limene kanalowerapo. Kachilombo kongodutsa sikangatsatire maselo a khansa mpaka kumeneko. Kapezekanso m'khansa za mtundu womwewu zina za pakhosi ndi za m'mimba mwa mahatchi, monga mmene HPV imapezekera m'khansa zina za pakhosi mwa anthu. Za litsiro lija sindikuzitaya kotheratu, chifukwa malo onyowa, otupa ndi okandika amatsegulira kachilombo njira, komanso amabisa chotupa chikamayamba. Koma litsiro lokha silifotokoza chifukwa chimene majini a kachilombo angakhalire akugwira ntchito m'maselo a khansa.

Mbali imene ndikulimbana nayo kwambiri ndi ya amene akuvomereza za kachilombo, koma akutengapo chiyembekezo cholakwika. Iwo amaloza ku zimene ofufuza amaona akaika kachidutswa ka chotupa pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono: chotupacho chimakhala chodzaza ndi maselo a chitetezo. Ofufuza a ku yunivesite ya Perugia ku Italy anafotokoza mu 2020 kuti m'zotupa za chida cha mahatchi muli maselo a T ambiri kuposa m'khungu labwinobwino, pamodzi ndi maselo ena odya tizilombo otchedwa macrophage. Ndiye anthu amati, taonani, asilikali afika kale pa malo, chatsala n'kungowapatsa mphamvu. Vuto ndi lakuti khamu la anthu pa nyumba imene ikupsa silitanthauza kuti moto ukuzimitsidwa. Ena m'khamumo akungoonerera, ndipo ena akutchinga njira ya obwera ndi madzi. Pakati pa maselo a T amene amapezeka m'zotupazi pali gulu limene ntchito yake ndi kuletsa anzake kumenya nkhondo. M'thupi lathanzi maselo oletsawa ndi ofunika, chifukwa ndiwo amateteza thupi kuti lisadziukire lokha, koma chotupa chimawakoka n'kuwagwiritsa ntchito ngati chishango. Nawo ma macrophage ali ndi nkhope ziwiri: angathe kupha maselo oipa, koma angathenso kukhala ngati akupoletsa bala, kutulutsa zinthu zokulitsa mitsempha ya magazi ndi zofewetsa minofu, zimene chotupa chimafuna kuti chikule ndi kufalikira.

Motero funso lenileni si lakuti chitetezo chilipo kapena palibe, koma kuti chikulunjika kuti. Apa ndi pamene ndikutsutsa mwamphamvu malonda a ufa ndi timadzi timene amati timakweza chitetezo cha hatchi. Mawu akuti kukweza chitetezo amamveka bwino, koma chitetezo si chinthu chimodzi chimene chimangokwera kapena kutsika. Ndi magulu ambiri a maselo amene ena amaukira, ena amaletsa, ena amakumbukira, ndipo kutupa kwa nthawi yaitali, komwe nakonso ndi ntchito ya chitetezo, kumathandiza khansa ya mtundu umenewu m'malo moiletsa. N'chifukwa chake madokotala ena amapereka piroxicam, mankhwala ochepetsa kutupa, ngati chithandizo chowonjezera pa khansa imeneyi. Chakudya chabwino, kupha njoka za m'mimba ndi kusamalira matenda a ukalamba n'zofunika pa moyo wa hatchi iliyonse, ndipo palibe amene akutsutsa zimenezo. Chimene ndikukana ndi kuuza mwini hatchi kuti ayese kaye zowonjezera m'chakudya kwa miyezi itatu kapena inayi asanaitane dokotala. Chotupa sichidikira miyezi imeneyo.

Ndiyenera kuchita chilungamo kwa gulu lina la mbali yomweyi, limene silikugulitsa ufa koma likulankhula za mankhwala enieni odzutsa chitetezo. Mfundo yawo ili ndi maziko. Pa chotupa china cha pakhungu la mahatchi chotchedwa sarcoid, chimene chimayambitsidwa ndi tizilombo ta papilloma ta ng'ombe, BPV1 ndi BPV2, madokotala akhala akubaya katemera wa chifuwa chachikulu, BCG, m'chotupamo, makamaka cha pafupi ndi diso, ndipo zotupa zambiri zimafota chifukwa cha kudzuka kwa chitetezo pa malowo. Mankhwala opaka a imiquimod amagwiranso ntchito m'njira yofanana. Mwa anthu, James Allison ndi Tasuku Honjo analandira mphoto ya Nobel mu 2018 chifukwa chotulukira njira yomasulira maselo a T amene chotupa chawamanga, ndipo chaka chomwecho dziko la United States linavomereza cemiplimab, mankhwala a mtundu umenewu, pa khansa ya pakhungu yofanana ndi ya mahatchiyi. Ndiye akufunsa kuti, bwanji osachita chimodzimodzi pa hatchi? Yankho langa ndi lakuti kafukufuku ameneyu apitirire ndithu, koma asasokonezedwe ndi chithandizo chimene chilipo lero. Sarcoid sifalikira ku ziwalo za mkati, choncho kuyesa mankhwala kwa milungu ingapo sikuika moyo wa hatchi pa chiswe monga mmene zilili ndi khansa ya chida. Mankhwala omasula maselo a T ndi mapuloteni opangidwira thupi la munthu, amene thupi la hatchi lingawaone ngati mdani, kotero kuti pangafunike kupanga ena a mahatchi okhaokha. Mlingo wake wa nyama yolemera makilogalamu 500 ungakhale wokwera mtengo zedi. Ndipo ngakhale mwa anthu, mankhwalawa amathandiza ena, osati onse.

Chimene chimatayika pochedwa chimaoneka bwino tikayang'ana kusiyana kwa chithandizo pa misinkhu ya nthendayi. Kachigamba kakang'ono kakapezeka msanga, dokotala angathe kukadula, kukaumitsa ndi kuzizira kwambiri, kapena kupakapo mankhwala a khansa monga 5-fluorouracil, ndipo hatchi imatsala ndi chiwalo chake chonse. Chotupa chikalowa mkati, pamafunika kudula mbali ya chida n'kukonza njira yatsopano ya mkodzo. Chikafika ku anabere a m'mphechepeche, opaleshoni imakhala yaikulu: amachotsa chida, khungu lophimba ndi anabere omwe, ndipo ngakhale atatero nthendayo ingathe kubwerera. Amene amati opaleshoni ndi nkhanza amakhala akuganiza za opaleshoni yomalizayi, koma aiwala kuti kudikira ndiko kumafikitsa hatchi pamenepo. Mahatchi ambiri amene adulidwa mbali ya chida amachira bwino, amakodza, amadya ndipo amabwerera ku ntchito yawo. Chisoni chimene timamva pa opaleshoni yotere nthawi zambiri chimachokera m'maganizo athu a anthu. Hatchiyo chimene imamva ndi ululu wa chilonda chonyeka, ntchentche ndi kuvutika pokodza.

Tsono ngati chitetezo chili chofooka chotupa chikakhazikika, nanga mphamvu yake ili pati? Ili pa nthawi imene kachilombo kasanalowe m'selo. Chikwama chakunja cha kachilombo ka papilloma chimapangidwa makamaka ndi puloteni imodzi yotchedwa L1, ndipo puloteni imeneyi ikapangidwa payokha mu labotale imadzisonkhanitsa n'kukhala timipira tofanana ndi kachilombo, koma topanda majini mkati, choncho tosatha kudwalitsa. Ian Frazer ndi Jian Zhou a ku yunivesite ya Queensland ku Australia ali m'gulu la amene anatsegula njira imeneyi mu 1991. Thupi likabayidwa timipirati limapanga ma antibody (mapuloteni a chitetezo amene amamatirira pa kachilombo) ochuluka kuposa amene limapanga likagwidwa ndi kachilombo kenikeni, chifukwa katemera amaika chinthucho poyera m'mnofu, pomwe kachilombo kamabisala m'khungu. Ma antibody amenewa amafika pa kabala kalikonse ka pakhungu n'kugwira kachilombo kasanalowe. Ofufuza a ku Vienna anapanga timipira totere ta EcPV2, ndipo mu 2015 anasonyeza kuti timachititsa akalulu kupanga ma antibody olepheretsa kachilomboko kulowa m'maselo. Mu 2017 anafotokoza kuti mahatchi anabayidwa timipirati popanda vuto n'kupanga ma antibody, komanso kuti katemera wofanana naye wa BPV1 anateteza mahatchi ku zotupa zimene ofufuzawo ankayambitsa dala ndi kachilombo ka ng'ombe. Ngakhale zili choncho, mpaka pano palibe katemera wa EcPV2 amene mwini hatchi angagule.

Umboni wa mwa anthu ukusonyeza mbali zonse ziwiri za mfundo yanga. Katemera woyamba wa HPV anavomerezedwa mu 2006. Kafukufuku wa ku Sweden wofalitsidwa mu 2020 anapeza kuti atsikana amene anabayidwa asanakwanitse zaka 17 anali ndi chiopsezo cha khansa ya khomo la chiberekero chotsika ndi pafupifupi 88 peresenti, ndipo wa ku England wa mu 2021 anapeza kutsika kwa 87 peresenti mwa amene anabayidwa ali ndi zaka 12 kapena 13. Obayidwa atakula anatetezedwa pang'ono poyerekeza ndi amenewa. Katemera yemweyo sachiza munthu amene kachilombo kakhazikika kale mwa iye, chifukwa maselo a pansi pa khungu ndi maselo a khansa sapanga L1, ndipo ma antibody safika mkati mwa selo. Palibe chifukwa choganizira kuti hatchi ingakhale yosiyana. Choncho mwini hatchi amene akuti adikira katemera kuti adzachize chotupa cha hatchi yake yokalamba akudikira chinthu chimene, ngakhale chitabwera mawa, sichingamuthandize.

Pali kutsutsa kwina kumene ndikuona kuti n'kolemera kuposa konse, ndiko kwa ndalama. Amene amanena zimenezi amati khansa imeneyi imagwira mahatchi ochepa, ndipo ambiri mwa iwo ndi ofulidwa amene amaliza ntchito yawo. Kampani imene ingapange katemerayu iyenera kudikira zaka 15 kapena 20 kuti isonyeze kuti akuletsadi khansa. Ndipo woweta amene amagulitsa mwana wa hatchi ali ndi chaka chimodzi alibe chifukwa cholipirira chitetezo chimene adzapindule nacho ndi munthu wina. Sindingatsutse kuti awa ndi mavuto enieni, ndipo ndikuganiza kuti ndiwo achititsa kuti ntchito ya ku Vienna ija isafike pa msika. Koma kudikira zaka 20 sikofunika. Katemera wa HPV sanavomerezedwe atadikira kuti amayi adwale khansa. Anayezedwa poona ngati akuletsa kachilombo kukhazikika ndiponso ngati akuletsa zilonda zotsogolera khansa, ndipo njira yomweyo ingatheke pa mahatchi poyeza kachilombo pakhungu ndi kuwerenga zigamba ndi njerewere. Za kuchepa kwa odwala, tikumbukire kuti eni mahatchi amabayitsa kale katemera wa kafumbata ngakhale kuti mahatchi ambiri sangadwale nthendayo pa moyo wawo wonse. Amatero chifukwa ikagwira imakhala yoopsa ndipo kuichiza n'kodula. Komanso, popeza sarcoid ndiye chotupa chofala kwambiri pakhungu la mahatchi, katemera mmodzi wophatikiza BPV1 ndi EcPV2 angakhale ndi ogula ambiri kuposa wa EcPV2 yekha. Kumene msika walephera, mabungwe a oweta, a mipikisano ya mahatchi ndi othandiza pa umoyo wa ziweto ali ndi udindo wolipirira kafukufuku woyambirira.

Ena amati n'kulawirira kulankhula za katemera pamene njira imene kachilomboka kamafalira sinatsimikizike. N'zoona kuti kukwerana kokha sikungafotokoze zonse, chifukwa odwala ambiri ndi mahatchi ofulidwa amene mwina sanakwerepo yaikazi, ndipo ofufuza akuganiziranso za mayi kupatsira mwana, za ntchentche, ndi za manja kapena nsalu zimene zimagwiritsidwa ntchito pa mahatchi angapo. Koma mfundo imeneyi ikulimbikitsa katemera m'malo momufooketsa. Njira ya kafalidwe ikakhala imodzi yodziwika, munthu amangoitseka. Zikakhala zingapo, chanzeru ndi kuteteza nyama yeniyeniyo, ndipo kuiteteza ikadali yaing'ono. Chimene kafukufuku ayenera kupeza ndi msinkhu woyenera kubayira, poganizira kuti ma antibody amene mwana wa hatchi amayamwa mu mkaka woyamba wa mayi wake amasokoneza akatemera ena m'miyezi yoyambirira.

Funso lomaliza limachokera kwa anthu amene alibe hatchi n'komwe: bwanji kutaya nzeru ndi ndalama pa maliseche a nyama pamene amayi ambirimbiri akumwalirabe ndi khansa ya khomo la chiberekero? Funsoli lili ndi ulemu wake, ndipo sindikunena kuti ndalama za umoyo wa anthu zipatutsidwire ku mahatchi. Koma mbiri ya katemera wa HPV yemweyo inadutsa m'nyama. Richard Shope anapeza kachilombo ka papilloma mwa akalulu akutchire mu 1933, ndipo Peyton Rous anasonyeza patangopita zaka ziwiri kuti njerewere zake zimatha kusanduka khansa. Ku Glasgow ku Scotland, William Jarrett ndi Saveria Campo anasonyeza kuti ng'ombe zogwidwa ndi kachilombo ka papilloma kotchedwa BPV4 zimadwala khansa ya kum'mero zikamadya chomera cha bracken, chimene chimafooketsa chitetezo, ndipo anayesa akatemera pa ng'ombezo. Katemera wa timipira ta L1 anateteza agalu ndi akalulu mu 1995 asanayesedwe mwa anthu. Khansa ya chida mwa amuna ndi yosowa, choncho n'kovuta kupeza odwala okwanira kuti aphunziridwe, pomwe hatchi imadwala nthenda yofanana nayo mwachibadwa, ili ndi chitetezo chake chonse, mosiyana ndi mbewa za mu labotale zimene zimachita kuikidwa chotupa. Zimene zingapezeke za mmene chotupa chimakokera maselo oletsa mwa hatchi zingathandize kumvetsa nthenda ya amuna amenewa.

Pamene katemera sanafike, chimene chili m'manja mwa mwini hatchi ndi kuyang'ana. Hatchi yamphongo imabisa chida chake m'khungu, ndipo yofulidwa imachitulutsa mwa apo ndi apo, kotero kuti chotupa chingathe kukula kwa miyezi yambiri osaoneka. Dokotala akaipatsa mankhwala ofooketsa pofuna kuona mano, chida chimatsika chokha, ndipo imeneyo ndi nthawi yabwino yochiyang'ana chonse kamodzi pa chaka, makamaka pa hatchi imene yapitirira zaka 10. Kutsuka kuchitike mofatsa ndi madzi ofunda, popanda kukwecha kapena sopo wamphamvu, chifukwa timabala ndi timene kachilombo kamalowerapo, ndipo wotsukayo avale magolovesi atsopano ndi kutenga nsalu ina pa hatchi iliyonse. Kutupa kwa khungu lophimba, fungo loipa, madontho a magazi pa miyendo yakumbuyo, mkodzo womwazika kapena kachigamba koyera kamene sikachoka potsuka ndi zifukwa zokwanira zoitanira dokotala sabata yomweyo. Pa hatchi yaikazi, kanjerewere kapena kachilonda kosapola kumaliseche kafunika changu chomwecho. Dokotala akatapa kachidutswa n'kukatumiza ku labotale, zotsatira zake ndizo zimasonyeza ngati mankhwala opaka angakwanire kapena ngati pakufunika kudula, komanso ngati anabere ayenera kuyezedwa.